Ndime ya Mboni m'Munda wa Tirigu

Kwa inu eni mabanja amene mulima tirigu ku mapiri ozizira, ku Tsangano, ku Neno, ku Dedza ndi kwina konse kumene mbeu iyi ilola: tiri ndi mau amene tifuna kukupemphani caka cino, ndipo tidziwa kuti poyamba adzakuwawani m'makutu. Mauwo ndi awa: pamene mupopera mankhwala a dzimbiri m'munda mwanu, musapopere munda wonse. Siyani timalo ting'ono tosapopera, mutizikire zikhomo, ndipo pa nyengo ya kukolola muyese tirigu wa pamenepo pa yekha. Malo otere tidzati ndime ya mboni, pakuti nchito yace ndiyo ya mboni pa bwalo la milandu. Idzakuuzani cimene cikadacitika m'mundamo mankhwala akadapanda kufikamo.

Mankhwala awa ngokwera mtengo. Munthu agulitsa mbuzi, kapena matumba a kacewere, kuti agule botolo limodzi ndi kubwereka copopera. Koma mukamfunsa m'malimwe kuti, "Kodi mankhwala aja anagwira nchito?" adzayankha kuti, "Inde, munda unali wobiriwira ndithu." Tsono kubiriwira kwa munda kuli ndi atate ambiri. Kapena ndi manyowa, kapena mvula inagwa pa nthawi yace, kapena mtundu wa tirigu umene anafesa ngwolimba, kapenanso caka cimeneco dzimbiri silinafike konse m'dziko lao. Mnzace wa tsidya lina, amene tirigu wace anapsya ngakhale anapopera, atukwana mankhwala nati ngonyenga, osadziwa kuti mwina ndiwo anampulumutsira theka limene anatuta. Onse awiri aweruza mlandu atamva mbali imodzi yokha. Mfumu yoweruza motero pa bwalo anthu sakadailemekeza.

Aroma akale anali alimi a tirigu, ndipo dzimbiri linawasautsa monga litisautsa ife. Caka ndi caka, pa 25 Epulo, anali kutuluka kunja kwa mzinda wao kukapereka nsembe ya galu ndi nkhosa kwa mulungu wao wa dzimbiri, dzina lace Robigus, kuti aleke minda yao. Caka cimene dzimbiri linacepa anati nsembe yalandiridwa, ndipo caka cimene linacuruka anati pena pace panalakwika m'mapemphero. Anacita cotero zaka mazana ambiri, pakuti panalibe njira yakuti mwambowo utsutsike. Ife tiwaseka. Koma munthu wopopera munda wonse caka ndi caka, wosasiya ndi mzere umodzi womwe wakuyerekeza nao, asiyana nao pang'ono pokha: nsembe yace aipereka kwa mwini sitolo.

Tisanafike pa kayesedwe, tiyambe tamdziwa mdaniyo. Nthenda za masamba a tirigu zimene tinena pano zidza ndi tizomera ting'ono-ting'ono ta mtundu wa bowa ndi cuku, tosaoneka ndi maso, timene timera m'kati mwa tsamba ndi kudya cakudya cimene cikadapita ku ngala. Pali dzimbiri la pa masamba, timadontho tofiirira tomwazika pa tsamba ponse. Pali dzimbiri lacikasu, limene lindanda m'mizere kutsata mitsempha ya tsamba, ndipo likonda malo okwera ndi ozizira. Pali dzimbiri la pa phesi, loderako, limene ling'amba khungu la phesi ndi kugwetsa tirigu pansi, ndilo loopsya koposa. Palinso nthenda ya ufa woyera, ndi zina za mawanga zimene ziumitsa tsamba. Dzimbiri mudzalizindikira potere: pukutani tsamba ndi kansaru koyera, ndipo pfumbi lofiira kapena lacikasu lidzatsalira pa nsaruyo. Pfumbilo ndizo mbeu za nthendayo. Mphepo izinyamula kucokera ku minda yakutali, ngakhale ku maiko ena, ndipo zikagwera pa tsamba limene lagona ndi mame kapena nkhungu maora angapo, zimera ndi kulowa. Tsamba lacikasu losatulutsa pfumbi ndi losacita mawanga, makamaka la pansi, kawiri-kawiri lingolira njala ya m'nthaka, ndipo mankhwala a dzimbiri sadzalithandiza konse.

Pali zinthu ziwiri zimene woyesa mankhwala ayenera kuzisunga mumtima. Coyamba: nthenda ikalowa m'tsamba siioneka msanga. Dzimbiri la pa masamba libisala masiku 7 kufikira 10 lisanaturutse pfumbi lace, ndipo nthenda ina ya mawanga, dzina lace septoria, ibisala masabata 2 kufikira 4. Cotero tsamba limene muliona loyera lero likhoza kukhala lodwala kale. Mankhwala ena, monga mancozeb amene mumdziwa ndi dzina la Dithane pa kacewere ndi matimati, angokhala kunja kwa tsamba ngati mlonda wa pa khomo: aletsa nthenda kulowa, koma imene yalowa kale sangaiturutse, ndipo mvula iwatsuka. Ena, monga propiconazole ndi tebuconazole, alowa m'kati mwa tsamba, nakhoza kupha nthenda imene yangolowa masiku owerengeka apitawo. Koma palibe mankhwala amene abwezera moyo tsamba louma. Caciwiri: masamba a tirigu sali olingana pa nchito yao. Tsamba lotsiriza la pamwamba, limene alangizi ati la mbendera, pamodzi ndi linzace la pansi pace ndi ngala yomwe, ndiwo adzaza maso a tirigu koposa masamba onse a pansi. Cifukwa cace nthawi yofunika kuteteza ndiyo kuyambira pamene tsamba la mbendera lafunyululuka kufikira tirigu atamasula, ndipo poyesa mankhwala tiyang'ana masamba awiri a pamwambawo.

Ndime ya mboni si nzeru ya lero. Mankhwala oyamba opopera amene anachuka pa dziko lonse anapezeka cifukwa ca mboni yongocitika mwangozi. M'caka ca 1882 mphunzitsi wa za zomera wa ku Bordeaux m'dziko la France, dzina lace Millardet, analikuyenda m'minda ya mipesa ya ku Médoc, pamene nthenda ya masamba inali itayoyola mipesa yambiri. Anaona kuti mizere ya m'mbali mwa mseu inali nao masamba ace, koma ya m'kati inali mbee. Atafunsa anamva kuti eni munda anawaza njereza yosanganiza ndi mcere wa mkuwa pa mipesa ya ku mseu, kuti anthu opita m'njira aope kuba mphesa, poyesa kuti ndi ululu. Akadawaza munda wonse, Millardet akadangoona munda wabwino napitirira ulendo wace. Ndipo taonani cimene anacita pambuyo pace: sanathamange kukalalikira tsiku lomwelo. Anayesa m'minda zaka zina ziwiri, nalengeza mankhwalawo m'caka ca 1885. Kale ndithu iye asanabadwe, munthu wina wa ku Troyes m'dziko lomwelo, Mathieu Tillet, anagawa munda wace wa tirigu m'ndime zambiri, nadetsa mbeu zina ndi pfumbi lakuda la ngala zodwala, zina nazitsuka ndi mankhwala, zina nazisiya comweco, nawerenga ngala za ndime iri yonse. Zimene anapeza anazisindikiza m'caka ca 1755, ndipo zinaonetsa kuti nthenda ija iyenda ndi pfumbilo. Anthu anali atakangana za nthendayo mibadwo yambiri, ena nati ndi nkhungu, ena nati ndi nthaka. Anathetsa mkanganowo ndi munthu wa zikhomo ndi cowerengera.

Tsono kacitidwe kace nkotere. Sankhani mbali ya munda imene tirigu wace ali wa mtundu umodzi, wofesedwa tsiku limodzi. Pewani pa culu, pa khola lakale, pa mthunzi wa mtengo ndi pamene madzi aima. Dulani nsungwi yotalika mamita 3 ikhale muyeso wanu. Zikani zikhomo za ndime 8, iri yonse mamita 3 m'lifupi ndi mamita 12 m'litali, ndipo muziike ziwiri-ziwiri, zogundana ngati mapasa. Pa mapasa ali onse, ndime imodzi idzapoperedwa ndi inzace idzakhala mboni. Munda ukakhala pa citunda, monga iri minda yambiri ya ku Tsangano, mapasawo akhale pa msinkhu umodzi, imodzi isakhale kumtunda ndi inzace kunsi, pakuti nthaka ya kunsi ndiyo isunga cinyezi ndi conde.

Nanga ndime yopopera ikhale iti? Musasankhe ndinu. Ponyani kandarama m'mwamba pa mapasa ali onse, ndipo mbali imene kagwera ndiyo inene. Wina asati amishoni ayamba kuphunzitsa ula. Kandarama sikadziwa kanthu, ndipo ndico cifukwa cace tikafuna. Mtima wa munthu uli ndi tsankho ngakhale pamene mwini wace sadziwa. Amene wataya ndarama zace pa botolo adzasiyira mboni malo oonda, pomvera cisoni tirigu wokongola, ndipo pamenepo mankhwala apambana mlandu usanayambe. Nzeru iyi ya kucita maere ndi kubwereza ndime kangapo anaikhazika ndi R. A. Fisher, amene anayamba nchito m'caka ca 1919 pa munda woyesera mbeu wa Rothamsted ku England, ndipo lero minda yonse yoyesera mbeu iitsata. Pa Rothamsted pomwepo pali munda wa tirigu, dzina lace Broadbalk, umene uli ndi ndime yosalandira manyowa kapena feteleza ciyambire 1843. Eni ace si osauka, ndipo feteleza sawasowa. Aisunga ndimeyo cifukwa popanda iyo sakadadziwa phindu la ndime zinazo.

Poperani m'mawa mame atauma, kapena madzulo, pamene kulibe mphepo. Pofika m'malire a mboni, anthu awiri agwire mphasa ciriri kuti utsi wa mankhwala usaolokere. Muyeso wa mankhwala ndi wa madzi ukhale umene walembedwa pa botolo, osacepetsa kuti akwanire munda wa apongozi, osaonjeza poyesa kuti adzapha msanga. Wopopera abvale zophimba thupi lonse, manja, mphuno ndi pakamwa, asambe ndi sopo atatha, ndipo botolo lotha lisasanduke la mcere kapena la mafuta ophikira. Ana asayandikire. Ndime zina zonse za munda, kunja kwa mboni 4 zija, poperani monga munafuna.

Pamenepo iyamba nchito ya kuwerenga, ndipo ambiri adzafuna kuilumpha. Tsiku lopopera, musanayambe, ndiponso atapita masiku 14, ndi atapita masiku 28, lowani m'ndime iri yonse ndi kutenga mapesi 10. Musatenge amene diso lakopeka nao. Yendani mapazi awiri, gwirani phesi limene liri pa cala cacikuru ca phazi lanu, nimupitirire comweco. Pa phesi liri lonse yang'anani tsamba la mbendera ndi linzace, ndipo muyerekeze kuti tsambalo likadagawidwa magawo 100, nthenda yadya magawo angati. Diso la munthu linama pa nchito iyi, makamaka pamene timadontho tiri tocepa: lidzati magawo 20 pamene pali 5. Cifukwa ca bvuto lomweli Nathan Cobb, amene anagwira nchito ku Australia, anajambula m'caka ca 1892 zithunzi za dzimbiri locepa, locurukirapo ndi locuruka, kuti woyesa aike tsamba lace pambali pa cithunzi. Akatswiri a ku Canada anazikonzanso m'caka ca 1948, ndipo oyesa dzimbiri azigwiritsabe nchito. Pemphani mlangizi wanu akuonetseni zithunzi zotere, kapena mphunzitsi wa sukulu akujambulireni masamba 5 pa pepala lolimba: la magawo 5, la 10, la 25, la 50 ndi la 75.

Ndipo ngati nkotheka, wowerenga masamba akhale munthu wosadziwa ndime imene inapoperedwa. Mwana wa sukulu wodziwa masamu, amene sanalipo tsiku lopopera, aposa mwini munda pa nchito iyi. Pa zikhomo lembani manambala okha, ndipo cinsinsi ca manambalawo cikhale m'buku lanu kunyumba.

Masamu ace ngosabvuta. Tiyerekeze kuti pa tsiku la 28 masamba a mboni adyedwa magawo 40 pa 100, ndi a ndime zopopera magawo 10. Cotsani 10 pa 40, atsala 30. Tsono 30 mwa 40 ndiwo magawo 75 pa 100: mankhwala acotsa magawo atatu mwa anai a nthenda imene ikadakhalapo. Umu ndimo awerengera akatswiri, ndipo mukamva wogulitsa alikunena kuti mankhwala ace apha nthenda 75 pa 100, tanthauzo lace ndi limeneli. Koma imani pamenepa, pakuti pali msampha. Tiyerekezenso caka cina couma, mboni zadyedwa magawo 4 okha, ndi zopopera gawo 1. Cotsani 1 pa 4, atsala 3, ndipo 3 mwa 4 ndiwonso 75 pa 100. Nambala ndi yomweyo, wogulitsa sananame, koma m'caka cimeneco mwagula mfuti kuphera nyerere. Tsamba lodyedwa magawo 4 lidzaza ngala pafupi-fupi monga tsamba langwiro. Cotero pakumva nambala yotere funsani nthawi zonse kuti, "Nanga m'ndime yosapopera nthenda inafika pati?" Wosakhoza kuyankha funso limeneli sanakuuzeni kanthu.

Pali cinyengo cinanso ca maso. Mankhwala a banja lina, la strobilurin, monga azoxystrobin, acedwetsa kukalamba kwa masamba, kotero kuti munda ukhala wobiriwira masiku ena ngakhale nthenda inali yocepa. Munda wotere ukondweretsa wopita m'njira. Koma ana sadya masamba a tirigu, ndipo ogula sagula kubiriwira. Mlandu utha pa sikelo.

Tirigu akaca, yambani ndi ndime 8 zija musanamwete munda wonse. Siyani theka la mita m'mbali zonse ziwiri, ndi mita imodzi kumutu ndi kumiyendo, pakuti m'malire ndimo mankhwala ndi nthenda zisanganizika. Mwetani pakati pokha, mamita 2 m'lifupi ndi mamita 10 m'litali. Mitolo ya ndime iri yonse ikhale pa yokha ndi nambala yace. Punthani pa yokha, petani pa yokha, yanikani masiku olingana pa dzuwa limodzi, pakuti tirigu wa ndime yopopera acedwa kuuma ndipo madzi alemera. Pamenepo yesani pa sikelo. Tinena sikelo, osati ndowa kapena dengu, ndipo cifukwa cace nci: dzimbiri licepetsa tirigu makamaka pa kufwapitsa maso ace. Tirigu wofwapa adzaza ndowa monga wonenepa, koma ngwopepuka, ndipo ufa wace ngwocepa. Woyesa ndi ndowa adzapeputsa cimene nthenda yamlanda. Sikelo ikhale imodzi pa ndime zonse. Ngakhale ikhale yonama pang'ono, idzanamiza zonse mofanana. Mukafuna kuona ndi maso, werengani maso a tirigu 100 a mboni ndi 100 a ndime yopopera, nimuwaike pa mbale ziwiri.

Malo a mamita 2 ndi mamita 10 alowa m'ekala imodzi pafupi-fupi ka 200. Cotero ndime zopopera zikaposa mboni ndi kilogalamu 1 iri yonse, ndiye kuti pa ekala mwapindula makilogalamu 200, ndiwo matumba 4 a makilogalamu 50. Tsono werengani zonse zimene kupopera ekala kunakudyerani: mankhwala, kubwereka copopera, waganyu, otunga madzi, ulendo wa ku sitolo. Musaziwerenge m'makwaca okha, pakuti kwaca ya caka cino siidzalingana ndi ya caka ca mawa. Zisandutseni makilogalamu a tirigu pa mtengo wa nyengo yokolola. Zikakwana makilogalamu 80 ndipo mwapindula 200, mwatsala ndi 120, ndipo mankhwalawo ngoyenera kuwagulanso. Koma mukapindula 50 okha, mwataya 30, cinkana masamba anali oyera ngati a m'cithunzi.

Yang'ananinso mapasa amodzi-amodzi, musangophatikiza. Ndime yopopera ikapambana pa mapasa onse 4, pali cifukwa ca kukhulupirira. Ikapambana pa awiri ndi kugonja pa awiri, simunaone kanthu koma kusiyana kwa nthaka. Ndipo tinene zoona zonse: ngakhale mankhwala akadakhala madzi a pa citsime, mwai wokha ukhoza kupambanitsa ndime zopopera pa mapasa onse 4 kamodzi mwa maulendo 16, monga kandarama kakhoza kugwera mbali imodzi kanai kotsatana. Munda umodzi wa caka cimodzi ndi mboni imodzi cabe. Koma mabanja 5 a mudzi umodzi akapangana kuyesa mankhwala amodzi-modzi, pakhala mapasa 20, ndipo pamenepo mwai ulibenso pobisala. Apa mpamene nyakwawa ndi akulu a mpingo angathandize, pa kuitana anthu tsiku la sikelo kuti onse aone ndi maso ao.

Tidziwa zimene mudzatiyankha. Wina adzati, "Ine ndine wosauka, ndingasiye bwanji tirigu wanga adyedwe dala?" Funso ili nlolemera, ndipo sitilipeputsa. Koma tiwerenge. Mboni 4 za mamita 3 ndi mamita 12 ndizo gawo limodzi mwa magawo 28 a ekala. Ekala ikabala matumba 10, mbonizo zisenza makilogalamu 18, ndipo dzimbiri likadya theka lace mwataya makilogalamu 9, osadzaza ndi ndowa yomwe. Uwu ndiwo mtengo wa kudziwa. Mtengo wa kusadziwa ndiwo botolo la caka ndi caka limene kapena silibweza ndarama zace, kapenanso kuleka mankhwala amene akadakupulumutsirani matumba 4. Wolemera akhoza kutaya ndarama mwa umbuli osamva kuwawa. Amene ayenera kuyesa koposa onse ndiye wa mbuzi imodzi. Wa munda waung'ono acepetse ndime, kapena aphatikane ndi mbale wace.

Wina adzati mboni idzakhala cisa ca nthenda, ndi kupatsira munda wonse. M'mau awa muli coonadi, pakuti ndime yodwala ituruza pfumbi lambiri, ndipo mizere yoyandikana nayo ilandirako. Ndico cifukwa cace tinati mboni zikhale zazing'ono ndi kuti m'malire musayesemo. Koma kumbukirani kuti pfumbi la dzimbiri lidza ndi mphepo kucokera ku minda yonse ya dziko, ndipo tirigu wozungulira mboni ali ndi mankhwala pa masamba ace. Pa cinthu cimodzi cokha tibvomera kuti mboni ileke: mukaona dzimbiri la pa phesi lirikufalikira msanga tirigu asanamasule, mwaona kale cimene munafuna kuona. Lembani m'buku, itanani mlangizi, nimupopere ndi mboni zomwe.

Ndipo wina wophunzira adzati, "Boma linayesa kale mankhwala awa lisanalole kuti agulitsidwe, ife tiyeserenji?" Zoona, bungwe la Pesticides Control Board ndilo lipereka cilolezo m'Malawi, ndipo musagule mankhwala opanda cikalata pa botolo, kapena othiridwa m'timabotolo pa msika. Koma kuyesa kwa akatswiri kuyankha funso lakuti mankhwala akhoza kupha nthenda. Sikungayankhe ngati botolo limene liri m'nyumba mwanu ndi leni-leni kapena losukuluka, ngati linakhalitsa pa dzuwa, ngati copopera canu cimwaza bwino, ngati munapopera pa nthawi yace, kapena ngati mtundu wa tirigu wanu uwafuna konse. Tirigu wolimba ku dzimbiri kawiri-kawiri sabweza ndarama za mankhwala, pamene wofooka azibweza kangapo.

Ndiponso yankho la caka cino silikhala mpaka muyaya, pakuti nthenda isintha. Mankhwala a strobilurin aja, amene nzeru yace inacokera ku kabowa komera pa zipatso za mitengo ya paini, anayamba kugulitsidwa m'caka ca 1996, ndipo alimi a ku Ulaya anawatama koposa. Pofika 2002 septoria wosamva mankhwalawo anapezeka ku Britain ndi ku Ireland, ndipo m'zaka zowerengeka anadzaza minda, kotero kuti pa nthenda imeneyo mankhwalawo anatha mphamvu, ngakhale pa dzimbiri agwirabe nchito. Botolo linali lomwelo, dzina lomwelo, mtengo womwewo. Ku Britain bungwe la alimi la AHDB liyesa mankhwala a tirigu caka ndi caka, pa muyeso wathunthu, pa theka ndi pa gawo limodzi mwa anai, pambali pa ndime zosapopera, kuti aone msanga pamene mphamvu yayamba kutsika. Inu musayese miyeso yocepa m'minda yanu, imeneyo ndi nchito ya akatswiri. Koma musapopere mankhwala a banja limodzi nthawi zonse, ndipo mboni yanu ikayamba kulingana ndi ndime yopopera m'caka ca nthenda yambiri, dziwitsani mlangizi.

Mbeu nayonso itha mphamvu. Dzimbiri la pa phesi la mtundu watsopano linaoneka ku Uganda m'caka ca 1998, nalandira dzina la Ug99 caka cotsatira, ndipo linagonjetsa mitundu yambiri ya tirigu imene inakhala yolimba zaka zambiri. Ku Ethiopia, kumapeto a 2013, mtundu winanso wa dzimbiri lomwelo unagwera tirigu wa Digalu, amene alimi anamkonda cifukwa ca kulimba kwace, ndipo m'minda ina ya ku Bale anthu sanatute kanthu. Cotero amene wapeza caka cino kuti tirigu wace safuna mankhwala asagone tulo: ayendere munda wace sabata ndi sabata, ndipo ayesenso.

Pali nthenda imodzi imene simuyenera kuiyesa nokha. Inayamba kuoneka ku Brazil m'caka ca 1985, inafika ku Bangladesh m'caka ca 2016, ndipo m'dzinja la 2017 ndi 2018 inapezeka kwa anansi athu ku Mpika m'Zambia, pa tirigu wolimidwa ndi mvula. Azungu ati wheat blast. Cizindikiro cace ndi ngala imene iyera mbuu kuyambira pakati kapena pansi kunka kunsonga pamene masamba akali obiriwira, ndipo mbali yoyerayo ikhala yopanda maso kapena ya maso ofwapa. Mankhwala aicepetsa pang'ono cabe ikafika pa ngala, ndipo iyenda ndi mbeu. Mukaona zotere musasunge mbeu ya m'mundamo, musagawireko mnzanu, ndipo mlangizi amve tsiku lomwelo.

Cotsala ndi buku. Gulani kabuku ka sukulu kakhale ka munda wokha, ndipo mulembemo dzina la mtundu wa tirigu ndi kumene munatenga mbeu, tsiku lofesa, tsiku limene munayamba kuona nthenda ndi maonekedwe ace, dzina la mankhwala lonse monga liri pa botolo pamodzi ndi tsiku lace lothera mphamvu, muyeso umene munathira, tsiku lopopera ndi msinkhu wa tirigu tsikulo, ngati mvula inagwa m'maora otsatira, manambala a masamba a maulendo atatu aja, ndi makilogalamu a ndime iri yonse. Lembani ndi zokhumudwitsa zomwe, pakuti caka cimene mankhwala sanapindule ciphunzitsa monga cimene anapindula. Pa botolo palembedwanso masiku amene ayenera kupita pakati pa kupopera ndi kukolola. Awerengeni pa kalendala musanapopere kaciwiri. Zikhomo zikonzeke tsopano, tirigu asanatseke mizere, pakuti akakula simudzakhoza kuzika popanda kupondereza mapesi.